Kukafunsira mkazi ku Chiponde ndi foni yotha moto

Ndinanyamuka m'tauni ya Mangochi Lamulungu m'mawa dzuwa lisanayambe kuluma, nditavala mkanjo woyera umene ndimasungira maukwati ndi Idi, foni ili m'thumba la pachifuwa itadzaza moto mpaka pakamwa. Ulendo unali wa kumudzi wina kufupi ndi Chiponde, kumalire ndi Mozambiki, kukafunsira mkazi Yusufu, mwana wa mlongo wanga, amene amagulitsa m'shopu ku Joni.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde lina pafupi ndi msika. Sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga ndiye matenda anga. Ndimawerenga nyuzipepala yokulungira usipa, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, ngakhale zolemba za pa thumba la simenti. Chifukwa cha zimenezi abale amanditenga ngati munthu wodziwa zinthu, ndipo ine sindinaonepo chifukwa chowatsutsira.

Nkhani yake inali yotere. Amalume a mtsikanayo, Che Saidi, anali atanena kale kuti iwo salandira mkamwini wa pachithunzi. Kumeneko atsikana angapo anakwatiwa ndi anyamata a ku Joni, kenako n'kumveka kuti mnyamatayo ali ndi mkazi wina komweko, ana awiri pamwamba. Ndiye anagamula kuti Yusufu aonekere pa vidiyo pamaso pa akuluakulu, ikangotha swala, pemphero la masana, ndipo aonekere pa foni ya amalume ake, ineyo, osati ya wina aliyense. Anati zolankhulana pa foni ya mtsikana ndi chibwenzi, ukwati umadzera kwa amalume. Akapanda kuoneka tsikulo ndiye kuti pali chimene akubisa, ndipo panali kale mlimi wina wa fodya wa ku Namwera amene ankadutsadutsa pamudzipo ndi njinga yamoto yatsopano.

Dzulo lake madzulo foni inali italemba kuti kwabwera apudeti, zatsopano zoti ilowetse kuti izigwira ntchito mwachangu. Ndinawerenga zonse mpaka pansi, ndi tizilembo ting'onoting'ono tomwe, kenako ndinadina povomera. Mayi a kunyumba anandifunsa chimene ndikugwirira chinthu choti chikuyenda bwinobwino, mawa lake ndili ndi ulendo. Ndinawayankha ndi mawu a munthu wowerenga, kuti foni ikapempha apudeti sumaikaniza. Iwo anangoti chabwino, n'kupitiriza kusita mkanjo.

Wakabaza ananditenga pa K500 kukandisiya kutsidya kwa mlatho wa pa Shire, kumene kumaima magalimoto a ku Namwera. Tili pakati pa mlatho ndinamva kufunda pachifuwa. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi mtima, poti udindo wa ukhoswe si wamasewera, koma nditatsika n'kupisa m'thumba ndinapeza kuti ndi foni, yotentha ngati mbatata yochokera paphulusa. Moto unali utatsika kufika pa 90, ndisanaimbire munthu ngakhale mmodzi.

Galimoto inali ka Siyenta koyera, ka anthu asanu ndi awiri. Tinakwanamo khumi, kuphatikizapo madengu awiri a usipa wouma amene mwini wake, a Bwanali, ankakagulitsa kumapiri. Mtengo unali K6,000, ndipo kondakitala sanafune kumva zoti ndavala mkanjo wa ukhoswe. Anandipanikiza pakati pa a Bwanali ndi mayi wina wamagalasi, Mayi Phiri, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu amene anamutumiza kusukulu ina kupitirira Namwera.

Tisananyamuke ndinapempha adalaivala kuti anditchajire. Anandionetsa chingwe chawo, chomangidwa ndi mphira pakhosi, kukamwa kwake kwa mtundu wakale kosalowa pa foni yanga. Tchaja yanga ndinali nayo, koma ndi ija yogula pamsika, mutu ndi chingwe zomatana, yofuna khoma basi. Adalaivala anati ndisadandaule, ku Namwera kuli magetsi. Ananena ndi chikhulupiriro cha munthu amene foni yake ili pa chingwe.

Apa m'pamene ndinachita zimene munthu wowerenga amachita. Ndinatsegula bandulo n'kuyamba kufufuza pa intaneti chifukwa chimene foni imathera moto ikalandira apudeti. Dzuwa linkalowa pawindo, maso anga ndi a zaka zambiri, ndiye ndinakweza kuwala kwa sikirini mpaka pamapeto. Nkhani zake zinalipo zambirimbiri, zonse m'Chingerezi, ndipo Chingerezi ine ndimachiwerenga ndi chala. Wina analemba kuti uzimitse foni n'kuyatsanso. Ndinatero. Wina analemba zomwezo koma mwaulemu kwambiri, ndiye ndinateronso. Ulendo uliwonse foni inkadzuka, n'kudziwongola, n'kudya moto wina ngati kadzutsa.

A Bwanali ankandiyang'ana ndi chisoni. Anati mafoni akale anali ndi ulemu, batire ikafooka umaichotsa, kuipekesa pa ntchafu kapena kuiluma pang'ono, n'kuyankhula mpaka madzulo. Anandifunsa ngati yangayi imatseguka kumbuyo. Nditati ayi, anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye ndinagula bokosi lamaliro lokhomakhoma kale. Kenako anandilangiza kuti ndiitsamiritse pa dengu la usipa, poti nsomba youma imakoka kutentha. Sindinawerengepo zimenezo pena paliponse, komabe ndinaiikapo kwa kanthawi. Inabwerera ndi fungo lokha.

Msewu ukachoka m'chigwa umayamba kukwera phiri mokhotakhota kulowera ku Chowe. Amene simunadutseko, ndi malo oti munthu ayang'ane kumbuyo: Shire amaoneka ngati ulusi wotayidwa pansi, nyanja ya Malombe ili mbee chakumwera, tauni yonse yafupika ngati nsalu yochapidwa ndi madzi otentha. Ndikunena zimene ndinaona ulendo wina. Tsiku limeneli ndinkayang'ana nambala ya pakona ya sikirini, imene inkatsika ife tikukwera.

Pakati pa chitunda galimoto inayamba kutsokomola, n'kuima. Adalaivala anatipempha kuti titsike tiyendeko pang'ono, iwo akuthira madzi mu injini. Tinayenda m'mbali mwa msewu, anyani akutiyang'ana ali pamiyala. Foni inali pa 58. Mayi Phiri anandifunsa kuti ndikuthamangira chiyani ndi foni ngati ndikudikira zotsatira za mayeso. Ndinawafotokozera za Yusufu, za Che Saidi ndi za mlimi wa fodya. Anaseka pang'ono, n'kupempha kuti aione.

Anatsegula pamene foni imaonetsa zimene zikudya batire. Pamwamba panali ntchito za foni yeniyeniyo. Anati yawonso inachita chimodzimodzi miyezi yapitayo: ikalandira apudeti imakhala tsiku limodzi kapena awiri ikusanja katundu wake, zithunzi, mameseji ndi mapulogalamu, ngati banja limene langosamukira m'nyumba ina, ndipo nthawi imeneyo imatentha ndi kudya moto. Kumapiri kuno netiweki ndi yofooka, ndiye imawonjezera kukuwa pofunafuna nsanja. Kenako analoza chachiwiri pa odya motowo.

“Ichi ndiye si apudeti, bambo. Awa ndinu. Mwakhala mukuwerenga za kusunga moto kuchokera pa mlatho.”

A Bwanali anaseka mpaka anakhala pamwala. Ine ndinati ndinali pafupi kutulukira zomwezo.

Mayiwo anatsitsa kuwala, anazimitsa chosonyeza malo, anatseka mapulogalamu amene ankayenda kuseri, n'kuyatsa choteteza batire. Pomaliza anadina kachizindikiro ka ndege kaja, kamene kamadula netiweki yonse. Anandibwezera n'kunena kuti mankhwala otsala ndi amodzi: ilowe m'chikwama, osati pachifuwa potentha, ndipo ndisaiyang'anenso mpaka ku Namwera.

Pa malangizo onse a tsikulo amenewa ndiwo anali owawa. Dzanja linkapita lokha kuchikwama ngati la munthu wosiya fodya. Kuti ndidziletse ndinayamba kuwerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu, za magolosale, za ometa, za mizikiti ndi masukulu, mpaka a Bwanali anandipempha kuti ndiziwerengera mumtima.

Tinafika ku Namwera dzuwa litakwera ndithu, koma kunja kuli kamphepo kozizira, kosiyana ndi ng'anjo ya kwathu kunyanja. Pamsika panali matumba a chimanga, zitenje zochokera kutsidya kwa malire, ndi mizere ya njinga zamoto. Ndinatulutsa foni. Inali pa 51, itazizira bwino. Njira yonse kuchokera ku Chowe inangodya pang'ono, ndipo ndinamva kunyada ngati nzeruyo inali yanga.

Magetsi aja a adalaivala anali atazima kuyambira m'mawa. Ndinapeza kashopu kotchajitsa ndi sola, koma mafoni anali ataunjikana pathebulo ngati nsomba pa thandala, ndipo kumwamba kunali mitambo. Mwini wake analandira K300 n'kuilumikiza, akundichenjeza kuti lero dzuwa likugwira ntchito ngati waganyu wosalipidwa. Ndinakhala pa tiyirumu yoyandikana nayo, ndinamwa tiyi wamkaka ndi chigumu chachikulu, n'kutsanzikana ndi Mayi Phiri amene ankakwera njinga kulowera kusukulu kwawo. Mawu awo omaliza anali akuti ndisaigwiregwire.

Nditaitenga inali itakwera pang'ono, kufika pa 60. Zikanathera pomwepo bwenzi nkhaniyi ili yaifupi. Koma ndinaganiza kuti ndi bwino kumutsimikizira Yusufu kuti ndili m'njira. Ndinachotsa kandege, n'kutsegula bandulo.

Banja lathu lili ndi gulu la pa watsapu, ndipo tsiku limenelo aliyense anadzuka ndi malangizo. Mlongo wanga anatumiza mawu ojambula ataliatali ondiuza mmene ndikakhalire pamphasa. Msuweni wa ku Makanjira anatumiza mavidiyo a ukwati wa mwana wake kuti ndikaonetse kuti ndife banja la maukwati abwino. Wina anatumiza ulaliki wathunthu. Kale foni yanga inkayamba yandifunsa isanatsitse zinthu zotere, koma apudeti ija inali itabwezera zonse mwakale, ndiye inayamba kumeza chilichonse payokha, pa netiweki yofooka, ikutentha ngati mbaula. Pamene ndinkapeza potsekera, nditawerenga masamba atatu olakwika, moto wa sola uja unali utapita, utatenganso wina wapanjira. Inali pa 37.

Yusufu ndinamulembera mwachidule. Ndinati avale shati ya kolala, akhale kutsogolo kwa khoma loyera, alankhule mawu ochepa koma olemera. Anandiyankha ine malume ake kuti, “Amjomba musadere nkhawa, ndakonzeka ngati wa pa TV.” Ndinabwezeretsa kandege.

Kuchoka ku Namwera ndinakwera njinga yamoto pa K4,000. Tinadutsa minda ya fodya ndi zigafa zake, tinafika pa Chiponde pomwe malole anali pamzere kudikira za kasitomu, osintha ndalama akukupiza mitolo yawo ngati akuuluza ntchentche. Tisanafike pa geti tinakhotera kumanzere, kanjira kafumbi, ine nditakweza mkanjo mpaka m'mawondo, ulemu wonse wa ankhoswe uli pamphepo.

Titayandikira mudzi ndinapempha kuti tiime, ndione ngati kuli netiweki. Nditachotsa kandege foni inaganiza kwa nthawi yaitali, kenako inalandira meseji ya Chipwitikizi. Chipwitikizi sindichidziwa, koma ndinamva kuti akundilandira ndi manja awiri m'dziko la Mozambiki, ine nditaima m'munda wa chinangwa wa ku Malawi. Bandulo yanga kumeneko sinkagwira. Wanjingayo anati n'zachizolowezi, mafoni a kuno amagona ku Malawi n'kudzukira kutsidya. Apa pokha kuwerenga kwanga kunandithandiza, chifukwa pa nkhani zija za m'galimoto panali ina yonena kuti munthu angathe kusankha netiweki ndi dzanja m'malo moisiya foni kuti izisankha yokha. Ndinakwera pachulu, ndinafufuza, ndinaipeza ya kwathu ili ndi timizere tiwiri, n'kuikhoma pomwepo. Ndinatsika pachulupo ngati munthu wobwera ku Haji. Koma kufufuzako kunali ndi mtengo wake. Inatsala pa 19.

Pamudzi anandilandira bwino kwambiri, ndipo vuto linali lomwelo. Kwathu kuno mlendo sanena chimene wabwerera asanalonjeredwe ndi aliyense. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba kubwera mmodzimmodzi, amuna kugwira dzanja, amayi kugwada chapatali, aliyense kufunsa za kunyanja, za mayi a kunyumba, za kutentha, za mtengo wa nsomba. Kenako madzi, kenako thobwa. Kenako nthawi ya swala inakwana, tinapita kukamzikiti ka pamudzipo. Foni inali m'chikwama pa kandege, komabe inkapitiriza kusanja katundu wake uja mwakachetechete.

Mtsikanayo, Asiyatu, ndinangomuona patali akudutsa ndi ndowa. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ali ndi foni yoposa yanga, poti anaitumiza ndi Yusufu yemweyo ndipo inadzera m'manja mwanga. Ndikhulupirira kuti pamudzipo aliyense ankaidziwa. Koma pamaso pa akuluakulu foni imeneyo kunalibe, ndipo kuitchula kukanakhala kuulula kuti mphatso zinayamba kuyenda amalume asanavomere.

Titakhalanso pamphasa, amuna mbali ino, amayi chapatali pang'ono, ndinayatsa. Inali pa 13. Ndinaimba, ndipo Mulungu ndi wachifundo, inalowa. Yusufu anaoneka atavala shati yabuluu, kumbuyo kwake kuli nsalu yoyera yopachikidwa bwinobwino, nkhope yowala ndi mafuta. Ndinapereka foni kwa Che Saidi ndi manja awiri.

Che Saidi ndi munthu wosathamanga. Anapereka salamu, anafunsa ngati ku Joni kwacha bwino, ngati kukuzizira, ngati abwana a shopu ali bwino pamodzi ndi banja lawo. Yusufu anayankha zonse, n'kubwezera mafunso omwewo mmodzimmodzi monga mwana woleredwa. Atatha, Che Saidi anapatsira mng'ono wawo, amene anayambiranso pa salamu. Mng'onoyo anapatsira shehe wa pamudzipo. Foni inkayenda m'manja ngati mbale ya mtedza, ine ndikuitsatira ndi maso, ndikuwerengera anthu amene atsala pamzere. Itadutsa pafupi nane ndinasuzumira. Kanambala kanali katafiira, pa 5, ndipo funso la ukwati linali lisanayambe n'komwe.

Ndakhala ndikuwerenga za anthu olimba mtima moyo wanga wonse, koma sindinaganizepo kuti kulimba mtima kwanga kudzakhala kudula moni wa akuluakulu. Ndinakhosomola, n'kugwada.

“Pepani akuluakulu, ndikulakwa ndikudziwa. Foniyi yatsala ndi mpweya wochepa. Amene ali ndi funso lenileni afunse tsopano.”

Che Saidi anandiyang'ana ngati ndaponda mphasa ndi nsapato. Yusufu, atamva zimenezo, anayamba msangamsanga mawu amene anakonzekera, za chikondi chake ndi mapulani a nyumba ya malata. Asanafike patali, mayi wina wachikulire anadzuka pakati pa amayi aja. Anali Abiti Ali, mayi ake aakulu a Asiyatu. Anabwera, anatenga foni m'manja mwa shehe, anaiyandikiza kumaso.

“Mwanangu, za malata tidzamva. Chotsa nsalu ili kumbuyoyo. Utembenuze foni, tione m'nyumba monse.”

Yusufu anazengereza. Anandiitana, “Amjomba,” ndi mawu a mwana amene wagwidwa ndi dzanja mumphika. Pamenepo ndinazindikira kuti inenso m'nyumba imeneyo sindinaonemo. Zaka zonsezi ndinkangoona nkhope ndi khoma. Ndinali nditakwera phiri lonse lija kudzaikira umboni chinthu chimene sindinkachidziwa. Ndinamuuza kuti achite zimene mayi anena.

Nsalu inagwa. Amayi onse anali atasendera kumbuyo kwa Abiti Ali, ife amuna tikusuzumira cham'mbali. Tinaona matiresi atatu pansi, zofunda zili chipwirikiti. Tinaona masokosi atapachikidwa pa chitsulo cha windo, njinga yopanda tayala itatsamira khoma, mbale zitaunjikana m'beseni la madzi otuwa. Pakona panali amuna awiri atanyonyomala pothawa kamera, wina ali ndi buledi kukamwa. Ameneyo anadzuka, n'kupereka salamu mwaulemu buledi ali m'dzanja. Abiti Ali anayankha salamuyo, n'kulamula kuti aone pophikira. Foni inatembenuka, inaonetsa kasitovu, pamwamba pake poto wakuda amene supuni inaima yokha m'kati mwake osagwa.

Pomwepo sikirini inada. Foni inanjenjemera kamodzi m'manja mwa mayiwo, n'kufa.

Ndinayamba kupepesa. Ndinati mnyamatayo kwawo analeredwa mwaukhondo, kungoti ntchito ya kumeneko ndi yotopetsa, ndipo ndinali pafupi kufotokoza za apudeti. Abiti Ali anandibwezera foni osandimvera n'komwe, n'kutembenukira kwa mlongo wawo.

“Che Saidi, m'nyumba imene ija simunalowepo mkazi chiimangire.”

Amayi anaseka mpaka ena anagwirana mapewa. Shehe anabisa pakamwa ndi kofiya. Che Saidi anadziwongola kaye pamphasa kuti ulemu wawo ubwerere, kenako anati zimene amafuna kuona aziona. Anati tibwere ndi abale tidzapangane tsiku, koma mnyamatayo pa ukwati adzabwere ndi miyendo yake, osati pa galasi. Za kudula moni kwanga anati adzandikhululukira ndikadzawasokera mkanjo.

Tinadya mpunga ndi nkhuku, ndipo ndinabwerera madzulo omwewo, foni ili chigonere m'chikwama. Potsika phiri la Chowe ndinalibe choyang'ana m'manja, ndiye ndinaona chigwa chonse mpaka kumapiri a kutsidya.

Ndinaphunzirapo zochepa. Apudeti ndi ya tsiku limene uli pakhomo, pafupi ndi khoma, ndipo foni yodwala imachira msanga mwini wake akaisiya. Yanga inatha masiku awiri ikutentha, kenako inakhazikika yokha, pano imafika madzulo. Koma chimene chimandisekabe ndikakhala pa makina n'chakuti njira yonse ndinkasungira moto mawu olemera a Yusufu, pamene moto umene unagwira ntchito ndi umene unaonetsa poto.

Lolemba m'mawa foni itangoyaka, meseji yoyamba inali yake. Anali atamva kale kwa Asiyatu, pa foni ija imene pamaso pa akuluakulu kulibe, kuti zatheka, ndipo ankafuna kudziwa kuti pa mawu ake onse ndi ati amene anawagwira mtima akuluakulu. Sindinamuuzebe. Ndinangomulembera kuti ukwati usanafike agule tsache.